Nsalu ya pa Chiliza cha Bambo Ngozo

Tecla anadzuka ndi ganizo limodzi lokha: akafike yekha kwa Bruno wa mavidiyo, apongozi ake asanadziwe kuti watuluka. Kamera anali ataikulunga kale m'thawulo la mwana n'kuiika pansi penipeni pa chikwama, matewera pamwamba. Anabereka Nokutenda, namanga mfundo, naikokanso kuti aone ngati yagwira. Chitseko cha kukhitchini anachitsegula mochinyamula pang'ono kuti chisalire.

Apongoziwo, mayi Rosa, anali atakhala pabenchi panja, atavala kale bulauzi yawo yoyera ya Chigwirizano, duku kumutu, ambulera ili pamiyendo.

"Ndimati mwagonanso, mayi a Noku. Tiyeni."

"Amayi, dzuwa la lero likhala loopsa. Miyendo yanu ija..."

"Miyendo yanga inafika kumanda ku Mbudzi Loweruka, ndiye ikalephere kumasitolo a kwa Samuriwo, mu Mufakose momwe muno? Ndikufuna ndikadzione ndekha a ku Ntcheu asanandione."

Tecla anati chabwino, amayi. Anatseka geti, naliyesa kawiri.

Loweruka lapitalo banja linavundukula chiliza cha malemu bambo Yoramu Ngozo, apongozi ake aamuna a Tecla, amene anagwira ntchito yomanga magalimoto ku Willowvale, kuno ku Halale, mpaka kupuma. Bambowa anachoka ku Ntcheu ali mnyamata. Mlongo wawo, aNangozo, anatsala kumudzi, ndipo tsopano anali atakalamba moti ulendo wa basi wodzera ku Tete sakanauthanso. Kumaliro sanabwere, kuchiliza sanabwere, koma mawu awo ankafika ndithu. Atangomwalira mchimwene wawo, anauza aliyense wobwera kuno kuti mkazi wa ku Halale uja wakwirira Yoramu ngati mtchona wopanda abale, patchire podyera mbuzi. Mayi Rosa anangoyamba kusonkhanitsa ndalama za mwala, chaka ndi chaka, ndipo mwalawo utatheka anati pajambulidwe vidiyo. ANangozo aone okha dzina la mudzi wa kwawo litalembedwa pamwala, aone mpingo, aonenso mlamu wawo akuchotsa nsalu ndi manja ake. Mayi wina wa kutchalitchi anali paulendo wa ku Malawi Lachisanu, ndipo anavomera kunyamula chimbale cha vidiyoyo.

Admire, mwamuna wa Tecla, anayenera kuima pafupi ndi manda monga mwana woyamba, choncho kamera anaipereka kwa mkazi wake. "Iwe ndiwe wa maso," anatero. "Palibe chimene chimakudutsa."

Koma pa tepi imene inali m'chikwamamo, kuchotsa kwa nsaluyo kunalibe. Tecla ankadziwa. Lamlungu masana, anthu onse ali m'tulo ta kutopa, anabisala kuseri kwa nyumba naonera pakagalasi ka kamerako, mawu atatsitsiratu.  Chiyembekezo chake chinali Bruno, amene anthu amati amatha kuchotsa munthu woledzera pa vidiyo ya ukwati ngati kuti sanaitanidwe n'komwe.

Anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo ya mayi Rosa. Tecla ankayenda kumbali ya msewu, maso ali pa makombi, timinibasi tija, amene amatulukira pakona osaliza hutala, dzanja limodzi lili kumbuyo pa kaphazi ka mwana. Kawiri konse anatsegula pakamwa kuti anene. Koyamba anadutsa mayi wogulitsa matimati n'kuyamba kuyamikira za Loweruka, kuti mwala wotere sanauonepo ku Mbudzi konse. Kachiwiri panalibe amene anadutsa, koma anangomangitsanso mfundo ya mbereko.

Kachipinda ka Bruno kanali kuseri kwa malo ometera, kongogawidwa ndi bolodi ndi katani. Munali tebulo, kompyuta, ndi shelefu yodzaza matepi a maukwati a anthu. Fungo la mafuta a tsitsi linkalowa limodzi ndi kulira kwa makina ometera.

"Mayi Ngozo eni ake! Khalani apa, pampando wa mabwana," anatero Bruno, akupukuta mpandowo ndi dzanja. "Nanga mlamu, mwaima ngati mwabwera kudzandimanga?"

Tecla anamasula mwana, natulutsa kamera. Poipereka anawerama n'kunong'ona. "Achimwene, simungailowetse nokha, ife tidzabwere mawa mutakonza kale?"

Bruno sanali munthu wodziwa kunong'ona. "Mawa? Mlamu, magetsi alipo lero, za mawa adziwa ndani? Ndiponso iyi si ya kadi, ngati zatsopanozi zongokoka n'kuponya mukompyuta. Iyi ndi tepi. Imalowa momwe inajambulidwira, ola patepi, ola pano. Simungaithamangitse, simungaidumphitse. Ndiye poti mayi abwera okha, tionere limodzi, azindiuza kuti apa udzadule, apa usiye. Ntchito yapepuka."

"Wanena bwino, mwana wa Domingo," anatero mayi Rosa.

Bruno analumikiza nthambo yopyapyala kuchoka m'mbali mwa kamera kupita kuseri kwa kompyuta, naimangirira ndi selotepi chifukwa inali yosakhazikika. Anabweza tepi kuchiyambi. Kamera inalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kenaka inati khwa! Tecla anakhala pakabokosi pafupi ndi khomo, Noku ali pamiyendo. Anaona kuti soketi ya pakhoma ili pafupi ndi pansi ndipo ilibe chivindikiro, ndiye anatembenuza mwana kuti ayang'ane kwina.

Chithunzi chinabwera. Basi itaima panja pa nyumba, amayi a Chigwirizano akukwera uku akuimba. Kenaka mayi Rosa, akutsika masitepe mothandizidwa ndi Admire.

"Ndine ameneyo? Ndakalamba chonchi, inu osandiuza?"

"Ndi kamerayi, mayi, imawonjezera zaka. Ndikuchotserani khumi."

"Uchotse zako, iwe wa dazi usanakwatire."

Anaseka onse awiri. Tecla nayenso anayesa kuseka.

Zinapitirira: chipata cha kumanda, dothi lofiira, mizere ya miyala, anthu akuyenda pakati pake atanyamula maluwa. Tecla anali atajambula bwino, ndipo zimenezo zinkamupweteka kwambiri. Anagwira nkhope ya aliyense, ngakhale agogo aja a ku Waterfalls amene anabwera ndi ndodo ziwiri. Mayi Rosa ankatchula maina mmodzimmodzi, ngati aNangozo ali pomwepo akumva. Abusa anayamba pemphero.

"Pemphero ili tilidule pakati," anatero Bruno. "Mulungu analimva kale Loweruka."

"Ukadula pemphero ndikakunenera kwa amako."

Ndipo pakati pa pempherolo, pafupi kwambiri, mokweza kuposa abusa, panamveka kamawu ka mwana wopempha m'Chishona kuti amutsitse. "Mhamha, ndoda kuburuka."

Kamera imamva kwambiri munthu amene waigwira. Tecla anali asanaganizepo zimenezo, popeza kuseri kwa nyumba kuja anaonera mawu atatsitsa.

"Mwana wa ndani ameneyo?" anafunsa mayi Rosa.

Noku anadzimva yekha. Anawomba m'manja, naloza kompyuta. "Noku! Noku!"

Mayi Rosa sanatembenuke. 

Iwo anali atanena momveka usiku wa Lachisanu kuti mwana sapita kumanda, asiyidwe kwa mayi a Denzel oyandikana nawo. Tecla anavomera. M'mawa mwake anapitadi naye mpaka pakhomo. Koma kwa mayi a Denzel amaphikira pansi pa chitofu cha palafini, geti lawo silitsekeka, ndipo mtsuko wa madzi unali pakhonde wosavindikira. Anaima pamenepo, nabwerera. Anakwera lole ya m'mbuyo ndi achinyamata a kwaya, mwana ali kumsana atamufunditsa chitenje, ndipo kumandako anaima chakumbuyo, kumbali kumene apongozi ake sakanayang'ana.

Pakompyutapo chithunzi chinayamba kugwedezeka, chifukwa mwana ankakoka lamba wa kamera. Panamveka Tecla akunong'ona, mawu ake odzaza chipinda chonse. "Nyarara, Noku. Khala chete." Kugwedezeka kunakula. Kenaka chithunzi chinatsika pansi, nichikweranso, chitakhazikika bwinobwino. "Gwira chitenje changa. Usasiye, wamva?"

Makina ometera kuseri kwa katani anali atasiya kulira.

Apa ndiye panali pokongola koposa. Mwala utafundidwa nsalu yoyera, mphepo ikuitukula m'mphepete. Admire akuyankhula Chichewa chake cholemera lilime, akutchula mudzi wa bambo ake ndi mfumu yake. Mkulu wa mpingo akuitana mayi wamasiye. Mayi Rosa akuyenda okha, opanda wowagwira, akugwada pa dothi lofiiralo, akutambasula dzanja n'kugwira ngodya ya nsalu.

M'kachipinda muja mayi Rosa anasendera kutsogolo kwa mpando, dzanja lawo lili patebulo la Bruno.

Chithunzi chinazungulira. Mitambo. Misana ya anthu. Dothi. Mapazi a Tecla akuthamanga, nsapato imodzi itavuka, kupuma kwake kukumveka ngati kwa nyama. "Noku! Mira! Mira ipapo! Ima pomwepo!" Kamera inali ikulendewera palamba, ikuona dziko chammbali. Inaona mulu wa dothi latsopano, inaona dzenje la manda a munthu wina lokumbidwa kale kudikira mwini wake, ndipo m'mphepete mwenimweni mwa dzenjelo inaona tinsapato tiwiri tapinki, dothi likugumukira m'kati pansi pake. Dzanja linatulukira n'kugwira kadiresi. Panamveka mbama. Mwana analira. Ndipo kutali, kutali ndithu, panabuka nthungululu, mpingo n'kuyamba nyimbo.

Kwa nthawi yaitali chithunzi chinali maluwa a chitenje okha, pafupi kwambiri, akukwera ndi kutsika. Anthu olira anali awiri.

"Maiwe," anatero munthu kukatani. Anali wometa uja, makina ali m'manja, ndipo pambali pake panali bambo wometedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi.

Kamera itabwereranso kumwala, nsalu inali itapindidwa kale m'manja mwa mkulu wa mpingo. Anthu ankaika maluwa. Amayi awiri ankadzutsa mayi Rosa n'kuwasansa dothi m'maondo.

Tecla anayang'ana pansi. Panali tsitsi la anthu lolowera pansi pa bolodi, ndi kachidutswa ka selotepi.  Noku, atamva kulira kwake komwe, anabisa nkhope pachifuwa cha mayi ake.

"Bweza," anatero mayi Rosa.

Bruno anakanda dazi lake. "Mayi, ndikaimitsa pano iduka pakati. Ithe kaye kulowa. Ikakhala mukompyuta, tibwerera paliponse pamene mukufuna."

Ndiye anakhala, tepi ikuyenda. Inaonetsa mwala pafupi, zilembo zagolide, dzina la mudzi. Inaonetsa ulendo wobwerera, anthu akusamba m'manja pageti, mizere ya mbale, achinyamata a kwaya akuvina kuseri kwa nyumba, agogo a ku Waterfalls akupempha nyama ina. Palibe amene anatchula dzina la munthu tsopano. Wometa uja anabwerera kuntchito yake, koma makina ankangoyatsa n'kuzimitsa. Tecla anafuna magetsi atazima. Sanazime.

Kamera itati khwa kachiwiri, Bruno anakoka kamzere pansi pa chithunzi, anthu n'kuyamba kuthamanga chambuyo.

"Apo. Imitsa apo."

Tinsapato tapinki tinaima m'mphepete mwa dzenje. Mayi Rosa anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka, koyamba chilowereni muja, nayang'ana mapazi a Noku. Tinsapato tinali tomweto.

Bruno anatsokomola. "Mayi, musadandaule, izi timakumana nazo. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ndichotse chigawo chonsechi, ndilumikize pamene mwagwada ndi pamene mwala waoneka, nyimbo ndiike pamwamba. Yachiwiri ndiye yabwino. Mawa m'mawa tipite ku Mbudzi ndi nsalu yomweyo, inu muvale zomwezo. Tiphimbenso mwala, ine ndijambule pafupi, manja anu okha ndi nsalu. Ndikasoka bwino, ngakhale abusa adzalumbira kuti anali pomwepo."

Tecla anafulumira kulowerera. "Nsaluyo ilipo, amayi. Ndingaichape lero lomwe, ndiisite, ndi bulauzi yanu yomwe..."

"Ndikamufunditsenso?"

Mawu a mayi Rosa anatuluka motsika, koma anamudula Tecla pakati.

"Munthu ndamuvundukula pamaso pa mpingo, ndamutsanzika, ndamuuza kuti gonani, nyumba yanu yatha. Ndiye ndibwerere ndikamuphimbe kumaso kuti tichite sewero? Iwe Bruno, bambo ako Domingo ungawachite zimenezo?"

"Ayi, mayi. Ndimangoti..."

"Ndipo zodulazo. ANangozo ndi okalamba, koma mutu wawo ndi wakuthwa kuposa makina a mnzakoyo. Adzaona ndagwada, adzaona mwala, n'kufunsa kuti nanga nsalu anachotsa ndani? Adzati ana anandikaniza. Adzati pali chimene tikubisa. Ndimawadziwa alamu anga."

Tecla anatsika pakabokosi kaja n'kugwada, mwana ali m'manja. "Amayi, ndinalakwa. Munanena, ine sindinamve. Ndinaopa chitofu chija kwa mayi a Denzel, ndiye ndinati..."

"Dzukani, pansi apo pali tsitsi la anthu."

Tecla sanadzuke.

"Munaopa chitofu, n'kupita naye kudzenje," anatero mayi Rosa. "Za mwanayo tikakambirana kunyumba, bambo ake alipo. Mukanapanda kuthamanga, bwenzi lero tili pa maliro ku Mbudzi komweko, zimenezo ndaziona, sindine wakhungu. Koma chichokere Loweruka mwakhala mukundipatsa tiyi, mukundifunsa za miyendo, muli chete. Lero mumafuna kutuluka ngati mphaka."

"Ndimachita manyazi, amayi."

"Ine zaka zonsezi ndimachita chiyani?"

 Noku anatambasula dzanja kufuna ambulera ya agogo ake, ndipo agogowo anamupatsa osamuyang'ana.

"Maso amene munanyamula tsiku lija sanali anu, mayi a Noku. Anali a azakhali anu aNangozo. Iwo ndi amene munawatembenuza nkhope pa nthawi imene amayenera kuona. Ndiye muwauze nokha." Anatembenukira kwa Bruno. "Tepiyo yatsala malo?"

"Pang'ono, kumapeto."

"Usadule kalikonse. Pemphero, kuthamanga, mbama, zonse zipite momwemo. Kumapetoko uikeko uyu."

 ANangozo anali asanamuonepo. Paukwati wake anangotumiza chitenje ndi uthenga woti amve kuti mkazi wa Admire amadziwa kugwada. Tsopano akamuona koyamba akuthamanga ndi nsapato imodzi, akukalipa m'Chishona pakati pa manda, kenaka akupepesa m'Chichewa chake cha ku Mufakose chosakaniza.

"Ndinene chiyani, amayi?"

"Dzina lanu. Ndinu mwana wa yani, mkazi wa yani. Ndi zimene munachita."

"Koma nsaluyo ine sindinaione ikuchoka."

"Munenenso zimenezo. Muwauze kuti munangomva nthungululu, ngati mmene amvere iwowo. Akafuna kukhulupirira akhulupirira. Akapanda kufuna, basi, mwala uli pomwepo."

Mayi Rosa anayamba kukonza duku lawo limene linali bwinobwino.

Bruno anachotsa nthambo ija, napititsa tepi kumapeto, naimika kamera pa miyendo yake itatu. Anasuntha mpando kuti ukhale kutsogolo kwa katani, chifukwa kumbuyo kunali kalendala ya mowa. Anasuzumira kwa wometa. "Baba, tazimitsani makina pang'ono." Makina anazima. Bambo wometedwa mbali imodzi uja anafunsa ngati angaonere, ndipo wometa anamukhazika pansi ndi dzanja paphewa.

Mayi Rosa anakhala pampando, natenga Noku n'kumuika pamiyendo pawo, namuwongola kadiresi. Tecla anagwada pambali pawo. Anakoka chitenje kuti chiphimbe maondo, naika manja pamodzi. Diso la kamera linali lakuda, laling'ono, ndipo linkayang'ana iye yekha.

"Mwakonzeka, mlamu? Tayamba."

"Azakhali, ine ndine Tecla, mkazi wa..."

"Kwezani mawu pang'ono," anatero Bruno.

"Azakhali, ine ndine..."

"Ayi," anatero mayi Rosa. "Munthu wamkulu mumangomuyamba ndi dzina lanu? Yambaninso. Muwalonjere kaye."

Tecla anaweramitsa mutu, nawomba m'manja mofatsa katatu.

"Mwadzuka bwanji, azakhali?"

Ndipo anadikira, mutu uli pansi, monga mmene munthu amadikirira kuti wamkulu ayankhe. Bruno anakweza chala kuti amuuze apitirize, koma mayi Rosa anamupukusira mutu. Tepi inkayenda.